Botolo la Fanta, koma m'kati si Fanta

 Inu amayi, inu abambo. Inu agogo amene mwatsala ndi zidzukulu pakhomo. Inunso atsikana ndi anyamata amene mumalera ang'ono anu makolo akapita kokasaka ya ndiwo. Kaya wailesi ili pawindo inu mukukolopa, kaya ili pachitsa inu mukutsuka mbale, musaitseke. Nkhani ya lero ndi yanu.

Lero tikamba za botolo. Botolo lija lili kuseri kwa chitseko. Lija lili pansi pa bedi. Lija lili pakona m'bafa, pafupi ndi chikolopa.

Ndiyambe ndi mafunso, muyankhe chamumtima. Pakhomo panupo, Jik ali pati? Palafini ali m'chiyani? Klorini uja munalandira kwa alangizi a zaumoyo munamuthira m'botolo lanji? Tsono funso lalikulu ndi ili. Mwana wa zaka ziwiri atanyamuka pamene wakhalapo, angalifikire botololo?

Ngati mtima wagunda, khalani nane mpaka kumapeto.

Tiyeni tiyerekeze. Ndi Loweruka m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mayi akuchapa kuseri kwa nyumba. Dzulo anagula Jik woyeza pamsika, chifukwa botolo lathunthu la m'sitolo ndi lodula. Wogulitsa anawathirira m'kabotolo ka madzi akumwa. Kabotoloko kali pansi, pambali pa beseni. Kukhomo kwamveka, "Odi kuno!" Mayi apukuta manja pachitenje, apita kukalandira mlendo. Sanakhalitse. Angopatsana moni basi. Koma mwana ali ndi ludzu. Waona botolo. Ndi lofanana ndi lija anamwera thobwa dzulo. Watola, watsegula, wapendeketsa pakamwa.

Kodi mwanayu walakwa? Ayi. Kodi ndi wosamva? Ayi. Wachita zomwe tinamuphunzitsa ife. Kuyambira ali wamng'ono wakhala akuona kuti m'botolo lotere mumakhala zakumwa. Mumakhala thobwa, mumakhala maheu, mumakhala madzi ozizira, pa Khirisimasi mumakhala Fanta. Mwana sawerenga zilembo. Mwana amadziwa botolo. Ndibwereze, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mwana sawerenga zilembo, amadziwa botolo. Tikathira mankhwala m'botolo la zakumwa, tamunamiza mwanayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo mayi aja sindikuwaweruza. Ndalama ikuvuta, tonse tikudziwa. Kugula zoyeza si uchitsiru, ndi nzeru za munthu amene akufuna kuti pakhomo pakhale paukhondo ndi ndalama yochepa. Cholinga n'chabwino. Chimene chatipweteka ndi chotengera.

Mwina wina akuti, "Musiyeni alawe, akamva kuwawa sadzabwerezanso." Paja akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya msatsi, msemere, imufotere yekha. Mwambi umenewu uli ndi malo ake, koma malo ake si pano. Nyanga ya msatsi ikafota, mwana amalira n'kutonthola. Zina mwa zinthu zimene tikunenazi, kumeza kamodzi kokha kumasintha moyo wonse wa mwana.

Tsopano tione chifukwa chake ngozi zimenezi zimakonda ana, makamaka a chaka chimodzi mpaka zaka zitatu. Pa msinkhu umenewu mwana wayamba kuyenda, wayamba kukwera, wayamba kutsegula zinthu. Koma nzeru zodziwa choopsa sizinafike. Chilichonse chimene watola chimapita kukamwa. Mwala kukamwa, chitsotso kukamwa, ndalama kukamwa. Umo ndi mmene amadziwira dziko. Wamkulu akamva kununkha amabweza dzanja. Mwana waludzu amayamba wameza, kenako n'kumva kuwawa. Komanso thupi lake ndi laling'ono. Kamlingo kamene wamkulu kangomuyabwa pakhosi, mwana kangamugoneke m'chipatala. Khungu lake ndi lofewa. Amapuma mofulumira kuposa ife. Ndipo amakhala pansi, pamene takolopa pomwepo. Amakwawa ndi manja, manjawo n'kuwayamwa.

Tiyeni tilowe m'nyumba tsopano, tione zinthuzi. Ndiyamba ndi chimene ine ndimachiopa kwambiri.

Ndi soda. Koma tamverani bwino, sindikunena soda wa therere. Pali soda wina, wopangira sopo, amene amamutcha caustic soda. Ena amatsegulira mipope ya m'sinki ikatsekeka. Masiku ano amayi ambiri, ena kudzera m'magulu a banki mkhonde, akupanga sopo wogulitsa. Ndi bizinesi yabwino, ikulipirira ana sukulu. Koma soda ameneyu walowa nayo m'makomo momwe muli ana. Akakhala wouma amaoneka woyera ngati shuga kapena mchere. Mukamusungunula amaoneka ngati madzi akumwa. Sanunkha. Alibe mtundu. Mukamusiya m'kapu kapena m'chigubu kuti azizire, mwana angadziwe bwanji? Ngakhale wamkulu akhoza kumwa.

Amene mumapanga sopo mukudziwa mmene zala zimaterera soda ameneyu akakudontherani. Mukudziwa chifukwa chake? Amakhala wayamba kale kusungunula mafuta a pakhungu panu, monga mmene amachitira ndi mafuta a m'chidebe. Tsono taganizirani zimenezo zikuchitika kummero kwa mwana. Amapsa milomo, lilime, ndi njira yonse imene chakudya chimadutsa popita m'mimba.

Chomvetsa chisoni chimabwera pambuyo. Zilonda za m'kamwa zimapola. Makolo amapuma, amati Mulungu watichitira chifundo. Koma m'kati, pamene panapsa pamachita chipsera, ndipo chipsera chimakoka. Njira ya chakudya imayamba kuchepa. Pakapita milungu ingapo mwana akukana nsima. Kenako phala nalo likubwerera. Kenako ngakhale malovu ake omwe akulephera kumeza. Mwana ali ndi njala, chakudya chilipo, koma njira yatsekeka. Madokotala amayenera kumakuza njirayo mobwerezabwereza, mwana atamugoneka tulo. Nthawi zina amaboola pamimba n'kuikapo kachubu kodyetsera. Chithandizo chotere sichipezeka pachipatala chaching'ono cha kwathu. Chimafuna madokotala a opaleshoni ya ana, monga amene ali ku Mercy James, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumaiko monga Sierra Leone ndi Ghana, kumene kupanga sopo pakhomo kunafala kalekale, madokotala akhala akulandira ana ambiri otere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho amayi opanga sopo, ndikukupemphani. Tsiku lopanga sopo, ana akhale kwa anansi. Soda wosungunula asagone m'nyumba. Asalowe m'kapu, m'jagi, kapena m'chigubu chimene munthu anamwerapo. Ndipo pakhomo musangomutcha kuti soda. Mupatseni dzina lina, kuti mwana amene mwamutuma soda wa therere asadzatenge ameneyu.

Chachiwiri ndi palafini. Mwina mukuti palafini si wotsukira. Koma timachotsera girisi m'manja, timachotsera penti, ena amasakaniza ndi polishi wa pansi. Ndipo palafini sagulidwa m'botolo lake. Timapita ndi botolo lathu, ndipo kawirikawiri limakhala la zakumwa. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amaphikira ndi kuothera palafini m'nyengo yozizira, palafini wakhala kwa zaka zambiri pakati pa zinthu zimene ana amamwa mwangozi kuposa zina. Chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town chili ndi nthambi yoona za poizoni, ndipo nkhani ya palafini amaidziwa bwino.

Kuopsa kwa palafini sikuli m'mimba kwenikweni. Kuli m'mapapo. Munaonapo mmene dontho limodzi la palafini limayenderera pansalu? Amachita chimodzimodzi m'mapapo. Mwana akameza amatsamwa, amakhosomola, ndipo kadontho kamalowa njira ya mpweya. Kamayanga m'mapapo, mapapo n'kutupa, mwana n'kudwala chibayo. Nthawi zina sizioneka pomwepo. Mwana amasewera, madzulo n'kuyamba kubanika ndi kutentha thupi.

Apa ndi pamene chikondi chathu chimapweteka mwana. Timathamangira kumusanzitsa. Wina chala kukhosi, wina madzi a mchere, wina dzira laliwisi, wina mafuta ophikira, wina mkaka. Timati zituluke. Koma palafini akamabwerera, amadutsanso pakhomo la mapapo. Tamupatsa mpata wachiwiri wolowa. Soda uja naye, akamabwerera amawotchanso kachiwiri momwe anawotcha potsika. Mwana akamwa zinthu zimenezi, musamusanzitse. Ndibwerezanso kutsogoloku, koma sungani mawu amenewa. Musamusanzitse.

Tsopano tifike pa Jik ndi klorini. Pano ndilankhule mosamala, chifukwa klorini ndi bwenzi. Mu 2022 ndi 2023, kolera itavuta kuposa nthawi ina iliyonse m'mbiri ya Malawi, klorini anapulumutsa anthu. Alangizi a zaumoyo ankayenda m'midzi kugawa. Ambiri tinaphunzira kuthira WaterGuard m'ndowa. Sindikunena kuti mutaye. Ndikunena kuti mudziwe chimene mwasunga.

Jik wa m'sitolo, mwana akangolawa pang'ono, kawirikawiri amasanza, m'kamwa n'kuwawa, ndipo ambiri amachira. Koma klorini waufa, uja wa timibulu toyera, ndi wamphamvu kwambiri. Madzi ake aja amagawa kuti tizithira pang'ono m'ndowa nawonso si akumwa okha. Nanga tinakalandirira m'chiyani? M'botolo la zakumwa. Tinasunga pati? Pafupi ndi ndowa ya madzi akumwa, chifukwa ndi pamene amagwira ntchito. Mwana waludzu amapita pati? Pomwepo.

Pali ngozi inanso imene ambiri sitiidziwa. Ndi kusakaniza. Timaganiza kuti mankhwala awiri akakumana, ukhondo uwirikiza. Chimbudzi chikachita chikasu timathira mankhwala a m'chimbudzi, pamwamba n'kuthiranso Jik. Omvera, apa musayese. Mankhwala ambiri otsukira chimbudzi ali ndi asidi. Asidi akakumana ndi Jik, pamatuluka mpweya wa klorini. Mpweya umenewu si wamasewera. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu 1915, pafupi ndi tauni ya Ypres ku Belgium, asilikali anaugwiritsa ntchito ngati chida chophera anzawo. Ndi mpweya womwewo umene tingapange m'kabafa kathu kopanda windo. Umawotcha maso, umawotcha pakhosi, umatseka chifuwa. Ndipo ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma, choncho umatsikira pansi. Pansipo pali ndani? Mwana amene watsatira amayi ake, wagwira chitenje.

Viniga naye ndi asidi, asakumane ndi Jik. Mandimu chimodzimodzi. Mankhwala okhala ndi amoniya, monga ena opukutira magalasi, asakumanenso ndi Jik. Ngakhale chidebe chokodzeramo usiku, yambani mwataya ndi kutsukuluza ndi madzi musanathiremo Jik, chifukwa mkodzo nawo umadzutsa mpweya woyabwa. Jik amayenda ndi madzi ozizira okha. Madzi okha basi.

Zina ndingozitchula mothamanga. Sanitaiza amene anadzaza m'zikwama zathu nthawi ya Covid, mbali yake yaikulu ndi mowa waukali. Ena amanunkhira ngati zipatso. Mwana akamwa amaledzera, shuga wa m'magazi amatsika, akhoza kukomoka. Timipira toyera tija timaika m'sutikesi kuti njenjete zisadye zovala, kwa mwana ndi maswiti. Kwa ana ena timaphwanya magazi, maso n'kuchita chikasu, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Abale amene muli ku Britain kapena ku Joni ndipo mumachapira makina, timapaketi tofewa ta sopo wamadzi, tamitundumitundu tija, mwana akaluma timaphulikira kukhosi ndi m'maso. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, ndi aja onunkhiritsa m'nyumba, musapopere mwana ali m'chipindamo, makamaka ngati ali ndi mphumu. Nayo ndowa ya madzi okolopera musaisiye. Mwana wongoyamba kuyenda mutu umalemera. Akasuzumira n'kugweramo chamutu, satha kudzidzutsa, ndipo salira.

Tipume pang'ono, ndikuuzeni za dokotala wina. Dzina lake Henri Breault. Ankachiza ana mumzinda wa Windsor ku Canada. Anatopa ndi kulandira ana amene amwa mankhwala a makolo awo. Analangiza makolo, koma ana sanasiye kubwera. Ndiye anati, ngati mwana sitingamusinthe, tisinthe botolo. Mu 1967 kunabwera chitsekero chija chofuna kuti uyambe wakanikiza kenako n'kupotoza. Wamkulu amatsegula, mwana chimamukanika. Ngozi zinatsika kwambiri m'dera limenelo, ndipo maiko ena anatengera. Lero chitsekero chotere mumachiona pa mabotolo ena a mankhwala ndi a zotsukira.

Mwaona nzeru yake? Dokotalayu sanakalipire ana. Anakonza botolo. Tsono ife timatani? Timachotsa mankhwala m'botolo lovuta kutsegula, lolembedwa chenjezo, lokhala ndi chithunzi cha madzi akudontha n'kudya dzanja. Timawathira m'botolo limene mwana amalidziwa ndi kulikonda. Mpanda umene ena anamanga kuti uteteze mwana, ife timaugwetsa ndi manja athu.

Apa ndilankhule ndi inu amalonda, amene mumayeza Jik, palafini ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, wobiriwira ndi wachikasu uja wooneka ngati Sobo. Makasitomala anu ali ndi ana. Inunso muli ndi ana. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati palibe chotengera china, chotsani chipepala cha chakumwa pabotolopo. Lembani dzina la chimene mwathiramo ndi zilembo zazikulu. Mangirirani kansalu kofiira pakhosi pa botolo. Zilembozo mwana sawerenga, inde, koma agogo, mlendo ndi mkulu wake wa mwanayo adzadziwa. Ndipo pomupatsa kasitomala nenani mawu awiri okha: "Muike patali." Sizikudyerani phindu.

Inu ogula, Jik wa m'sitolo akatha musataye botolo lake. Litengeni pokagula woyeza, akuthirireni momwemo. Jik abwerere m'botolo la Jik.

Ndikudziwa wina ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chinsapo akuti, "Mukunena zoika m'kabati yokhoma, ife tili m'chipinda chimodzi cha lendi. Kabati tiitenga kuti?" Funso limeneli ndi loona. Chipinda chomwecho ndi khitchini, ndi chogona, ndi chosewerera ana. Koma msomali ulipo. Khomani msomali pamwamba, pamene inuyo mumafika mutanyanyamphira. Ikani mabotolo m'thumba, mangani, kolekani. Onetsetsani kuti pansi pake palibe bedi, mpando kapena ndowa yoti mwana n'kukwerapo, chifukwa wa zaka zitatu amakwera ngati nyani. Ngati muli ndi bokosi lachitsulo, kaloko kakang'ono kakwanira. Ndipo musaunjike. Gulani wokwanira ntchito ya tsikulo, atheretu.

Chitani izinso. Gwadani pansi m'nyumba mwanu, maso anu akhale pa msinkhu wa mwana. Yang'anani uku ndi uku. Mudzaona zimene simuziona mutaimirira. Pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko, pansi pa sinki. Mukapita kukacheza kwa agogo kapena kwa anzanu amene alibe ana aang'ono, yang'ananinso, chifukwa kumeneko zinthu zimangokhala poyera. Pamaliro ndi paukwati, pamene akuluakulu ali ambiri koma aliyense akuganiza kuti mwana ali ndi wina, samalani koposa.

Kumbukirani mayi aja a Loweruka. Botolo lawo mwina limakhala pamwamba sabata yonse. Ngozi inachitika pamene linatsika kuti ligwire ntchito. Foni ikalira, mlendo akaodira, ndiwo zikamapserera, nyamulani botolo kapena nyamulani mwana. Chimodzi mwa ziwirizi chipite nanu.

Tsopano tifike pa funso limene mwina mwakhala mukuliyembekeza. Nanga titsukire chiyani?

Ine ndikuona kuti tinasokoneza zinthu ziwiri, kununkhira ndi ukhondo. Tikalowa m'nyumba n'kumva fungo la mankhwala, timati pano ndiye paukhondo. Otsatsa malonda anatiphunzitsa zimenezo. Koma fungo silitsuka. Nyumba yoyera bwino sinunkha kanthu. Ntchito yambiri ya tsiku ndi tsiku, kukolopa, kutsuka mbale, kupukuta tebulo, kuchapa matewera, sopo wamba ndi madzi zimakwanira. Sopo amamasula mafuta ndi litsiro momwe tizilombo timabisala, madzi n'kuzikokolola. Chachikulu ndi kutikita ndi kutsukuluza.

Amayi athu ankakwecha mapoto ndi phulusa ndi mchenga, poto n'kumawala ngati galasi. Phulusa limadula mafuta. Silinasiye ntchito imeneyo chifukwa choti kwabwera masitolo. M'chimbudzi chokumba, phulusa lodzaza dzanja mukatha kudzithandiza limachepetsa fungo ndi ntchentche, makamaka pabowo pakakhala chivundikiro. Thandala lija alangizi amatikakamiza kumanga lili ndi ntchito yaikulu. Mbale zikauma padzuwa, pamwamba, kutali ndi agalu ndi nkhuku, tizilombo tambiri timafa. Matewera ndi zofunda za mwana, dzuwa limaziyeretsa ndi kuchotsa fungo popanda kulipira. Soda wa therere uja, mukamuphatikiza ndi timadzi pang'ono, amakwecha sinki ndi mbale zothimbirira, amachotsanso fungo m'chigubu. Ketulo ikachita zoyera m'kati chifukwa cha madzi a pamjigo, wiritsanimo madzi a mandimu kapena viniga, zimasungunuka. M'nyumba mukamveka fungo, tsegulani mawindo, funani chimene chikununkhacho, muchichotse. Kupopera zonunkhira n'kungofunditsa bulangete pa chinthu chowola.

Koma ndisakunamizeni. Zachilengedwe nazo zili ndi mano. Madzi a phulusa, chidulo chija, akalowa m'maso mwa mwana amawotcha. Madzi otentha amene mwatereka kuti mutsukire amawotcha ana ambiri. Ndipo mandimu ndi phulusa sizilowa m'malo mwa klorini pamene pagwa matenda. M'nyumba mukakhala wotsegula m'mimba, m'dera mukamveka kolera, pamene pagwera masanzi, chimbudzi kapena magazi, pamenepo ndi pa klorini. Yambani mwatsuka ndi sopo, tsukuluzani, kenako klorini pa muyeso umene alangizi anakuuzani. Kuchulutsa sikuwonjezera ukhondo. Ana akhale panja, mawindo akhale otsegula, ndipo pansi paume mwana asanabwerere kudzakwawa. Jik wonunkhira maluwa ndi wochapira, asalowe m'madzi akumwa. Mankhwala amphamvu akhale ngati nkhwangwa. Imatuluka pakakhala mtengo wodula, ikatha ntchito imabwerera pamalo pake.

Tsopano mvetserani bwino gawo ili. Ngati muli ndi wina pafupi, muitaneni amve nawo. Tsoka silinunkha. Mwana wamwa, mutani?

Choyamba, mulandeni botolo, mumuchotse pamalopo. Musamumenye, musamukalipire. Akachita mantha amalira, akalira amatsamwa, ndiponso sakuuzani chimene wamwa. Pukutani m'kamwa ndi kansalu konyowa. Ngati ndi wamkulupo, achukuche madzi n'kulavula.

Musamusanzitse. Chala ayi. Madzi a mchere ayi. Dzira, mafuta ophikira, mkaka, mankhwala a zitsamba, zonsezi ayi. Musati poti wamwa soda ndimupatse mandimu kuti zithane. Zikakumana m'kati zimatentha, chilonda n'kukula. Akasanza yekha, mugonekeni chammbali kuti masanzi asalowe m'mapapo.

Ngati zamulowa m'maso, musadikire galimoto. Yambani pomwepo kuthira madzi oyera, pang'onopang'ono, osalekeza, kwa mphindi 15 kapena kuposa. Mupendeketse mutu kuti madziwo asayenderere m'diso linalo. Adzalira, adzaphiriphitha, koma pitirizani. Mphindi zimenezo ndi zimene zimapulumutsa diso. Ngati zamuthirikira pathupi, muvuleni zovala, mumuthire madzi ambiri. Ngati wapuma mpweya woipa, mutulutseni panja pamphepo.

Kenako thamangani naye kuchipatala, ndipo botolo lipite nawo. Ngakhale lilibe chizindikiro, litengeni. Dokotala akaliona ndi kulinunkhiza amadziwa poyambira. Muuzeni zoona, wamwa chiyani, nthawi yanji, wochuluka bwanji. Musachite manyazi, sikupolisi kumeneko. Ndipo musanene kuti poti akusewera ndiye kuti zatha. Palafini amadikira maola. Soda amatha kuwotcha m'kati m'kamwa musakuoneka chilonda. Mwana akamachucha dovu, akamakana kumeza, akamakhosomola, mawu akasasa, akamapuma movutikira kapena akamangogona, musadikire kuti kuche. Ngati chipatala chili kutali, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni pa 929 muli m'njira, akulangizeni. Koma foni isalowe m'malo mwa ulendo.

Abambo, gawo ili ndi lanunso. Palafini, sipiliti, mafuta a njinga yamoto ndi tameki wa makoswe kawirikawiri amabwera pakhomo ndi inu. Msomali uja mukhome ndinu. Ndipo amene mumasiyira mwana, kaya ndi mtsikana wantchito, kaya ndi mkulu wake wa sitandade 5, mukhale naye pansi lero. Muuzeni kuti mwana akamwa kanthu asabise poopa kukalipiridwa kapena kuchotsedwa ntchito. Mulonjezeni kuti simudzamumenya. Ana ena amafika kuchipatala mochedwa chifukwa amene anaona anachita mantha kunena. Muuzeni kuti asamusanzitse, aitane wamkulu amene ali pafupi, atenge botolo, athamange.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Ine ndikutsanzika, koma inu musanayambe ntchito ina, pitani kuseri kwa chitseko kuja mukalione botolo lija.